Malo Amene Ndinaona mu Lole ya Lameki

Anthu a ku Kanakantapa akafuna kundiseka amati ndine mayi amene ndinatsala pang'ono kuimitsa ndege za ku Amereka ndi matumba a mtedza. Amakokomeza, koma osati kwambiri. Nkhaniyi yasimbidwa kuchigayo, kumsika ndi m'maminibasi, ndipo aliyense amathirako mchere wake, choncho ndati ndiilembe ndekha mmene inayendera.

Nkhondo ya ku Mozambique itatha, mwana wanga wamkazi Esinati anatsatira mwamuna wake Zuze kwawo, kuchigawo cha Tete. Zuze anali mmodzi wa othawa nkhondo aja. Anabwera kwathu kudzalima ganyu, n'kuchoka ndi mwana wanga, ndipo sindinadandaule chifukwa anali munthu wa khasu. Patapita chaka kalata inafika. Esinati anali atachira, mwana wamwamuna. Anati nyumba amanga, munda aswa, koma m'mudzi monse munalibe mbewu, nkhondo inadya zonse mpaka m'nkhokwe. Apo n'kuti mwezi wa Okutobala uli pakati, mitambo itayamba kale kusonkhana.

Mwana wanga wamkulu ndi Lameki. Iyeyu ankayendetsa galimoto kumigodi ya ku Kitwe mpaka pamene anthu anayamba kuchotsedwa ntchito. Anabwerera kumudzi ndi mkazi ndi ana anayi, ndipo anakhala zaka ziwiri akudya za m'nkhokwe mwanga. Sindinkawerengera, koma iye ankadziwerengera yekha, moti anaonda ndipo anasiya kuseka. Kenako anapeza malo pakampani ina ya malole, koma moyesedwa. Ulendo uwu unali woyamba kumupatsa katundu wodula, ndipo bwana wake anamuuza mosapita m'mbali kuti akafike kudoko la Beira sitima yapamadzi isananyamuke Lachisanu, ntchito ikhala yake, akalephera asabwererenso kuofesi.

Ananditumizira uthenga kuti adutsa pa Chongwe Lolemba m'mawa ndipo anditenga mpaka kwa Esinati, popeza mudziwo uli m'mbali mwa msewu womwewo. Pansi pa kalatayo analemba ndi zilembo zazikulu kuti thumba limodzi lokha.

Thumba limodzi! Ukamapita kukaona mdzukulu woyamba wa mwana wamkazi, kudziko kumene kulibe mbewu? Amayi a kutchalitchi kwathu atamva za ulendowu sanandifunse n'komwe. Wina anabweretsa chimanga chamakolo, wina mtedza, wina nyemba, wina khobwe, wina mapira amene anawasunga kuchokera kwa amayi ake ku Chadiza. Ine ndinawonjezera makasu, pulawo ya malemu bambo a Lameki ndi mtondo wa mlombwa. Lolemba tinafika pa boma ndi ngolo yodzaza, ng'ombe zikupuma mwawefuwefu. M'mutu mwanga ndinali nditakonza kale mawu omuchonderera mwanayo, ndi misozi yomwe ngati pangafunike.

Lole inafika dzuwa litakwera pang'ono, yaitali, yokutidwa ndi tenti yobiriwira. Lameki anatsika ndi bambo wina wachikulire, a Chilufya, amene kampani inawatuma kuperekeza katunduyo. Lameki atangoona ngoloyo nkhope yake inasintha.

“Amama, ninakamba bwanji? Thumba limozi chabe.”

“Nabwera nayo kuti nisankhe bwino,” ndinatero.

Mwamwayi kapena mwatsoka, tayala lina linali litaphwa panjira. Analichotsa, ndipo iye ndi a Chilufya analigubuduza kupita nalo kwa wokonza matayala kuseri kwa msika. Pochoka Lameki anandiuza kuti, “Muyang'anire lole iyi monga maso yanu. Munthu asagwirepo. Vili umu ni vodula kupambana munzi wathu wonse.”

Ndinayang'anira ndithu. Ndinathamangitsa ngakhale mbuzi imene inafuna mthunzi. Koma chidwi chinandigwira, ndipo ndinakweza tenti pang'ono kuti ndione chuma chimenechi. Ndinaona timadiramu tating'ono, tomangidwa ndi mawaya okhala ndi manambala, titaunjikana pamwamba pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Pakati ponse panali pululu, malo oti munthu n'kuyala mphasa zinayi. Ndinaitana amake Dalitso, mnzanga wa kutchalitchi, kuti adzaone.

“Iyi lole ilibe kanthu,” anatero. “Mwana wanu ni woumira chabe.”

Kwathu galimoto siyenda ndi malo. Kusiya malo munthu ali ndi katundu pamsewu ndi nkhanza, ndipo woyendetsa wotero timamunena chaka chonse. Tinali amayi asanu ndi mmodzi ndi mwini ngolo, ndipo ntchito yokweza katundu yense muloleyo sinatenge nthawi. Zingwe za tenti ndinamanganso ndekha, mfundo zomwezomwe. Lameki atabwera anandipeza nditakhala pa thumba limodzi, ndi tambala mudengu, ngolo itapita kale.

“Palibe anagwirako?”

“Palibe anachosako kalikonse,” ndinayankha, ndipo sindinaname.

Kuchoka pa Chongwe mpaka ku Rufunsa ndinakhala pakati pa amuna awiriwo ngati mkwatibwi, tambala ali pamiyendo. A Chilufya anali munthu wokonda kulankhula. Anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka zambiri mpaka chifuwa chinawatulutsa, ndipo ankamvera wailesi kuposa mmene ine ndimamvera abusa. Ndinawafunsa kuti m'timadiramu tija munali chiyani.

“Ni kobati, mayo. Mung'ono wake wa kopa, koma eve ndiye bwana manje.”

“Amaphikira chani?”

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati Aamereka amaisakaniza ndi zitsulo za mainjini a ndege zankhondo kuti zisasungunuke, ndipo Ajapani ayamba kuifuna ya mabatire. Anati kale, Amereka ndi Rasha akuyang'anizana ndi diso lofiira, aliyense ankaunjika yake mobisa poopa kuti mnzake amutsekera njira. Tsopano migodi ya ku Zaire inali itagwa ndi chipwirikiti, ndiye maso onse anatembenukira kuno.

“Onani njanji ija ya ku Dar, anamanga ni ma Chaina. Ku South nako bafuna tizipitira kwao. Manje Beira yaseguka. Aliyense afuna mwala upite pakhomo pake, ndaba amene ali na njira ndiye amagona tulo.”

“Nanga ise eni mwala?”

“Ise? Awe, mayo. Ise timanyamula.”

Ndinayang'ana manja a Lameki pachiwongolero. Anali manja omwe aja ndinkawamenya akaba shuga, ndipo tsopano maiko akuluakulu ankadikira pa iwo ndi pa tayala lomatidwa kuseri kwa msika wa Chongwe. Ndinanyada kwambiri, ndipo kunyadako kunandiiwalitsa zimene zinali pansi pa tenti.

Pamapiri a Manenekela lole inayamba kubuula. Msewu wake ndi wokhotakhota, phompho lili kumbali, ndipo m'munsi muja mumaoneka mafupa a magalimoto amene analephera. Lameki ankasintha magiya akupukusa mutu.

“Ikulema monga yadya,” anatero. “Kuchoka ku Kitwe sinali so.”

“Ni nkhalamba monga ine,” anatero a Chilufya. “Ipaseni ulemu.”

Ine ndinayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Sikuti ndinkadziwa kuti ndalakwa, ayi. Ndinkaganiza kuti ndapusitsa mwana wouma mtima, ndipo tikafika tidzaseka tonse.

Pamlatho wa Luangwa tinakhala maola atatu. Asilikali ankalola lole imodzi yokha kuwoloka, inayo izidikira, ndipo patsogolo pathu panali mzere wautali. Kutentha kwa kumeneko ndi kwina, mpweya umalowa m'mphuno ngati wochokera mu uvuni wa njerwa. Tambala anayasamula kukamwa, ndipo ndinachita kumumwetsa madzi ndi chivindikiro cha botolo. Ndinatsika kukagula nsomba zouma zoti ndikapatse Esinati, mayi wogulitsayo n'kundiuza mtengo umene unandichititsa kumufunsa ngati nsombazo zinaphunzira sukulu. Tinakangana bwinobwino, tinagwirizana, ndipo anandiwonjezera ziwiri atamva kuti ndikupita kukaona khanda. Msilikali amene anabwera kwa ife anangoyang'ana mapepala, n'kugogoda tenti ndi ndodo, n'kutiuza tipite. Ndodoyo inagunda mtondo, koma iye sanadziwe kulira kwa kobati, ndipo ine ndinayang'ana kumbali.

Ku Nyimba tinadya nthochi, ku Petauke tinagona. Lachiwiri tinadutsa Sinda kukali kozizira, pa Katete tinakhota kulowera kumalire. Lameki anali atayamba kuimba likhweru. Anawerenga masiku ndi zala, nati ngati tiwoloka lero, Lachinayi madzulo ali ku Beira.

Tisanafike pachipata panali sikelo ya malole. Ine sindinadziwe kuti padziko pali sikelo yoyeza galimoto yathunthu. Ndinkadziwa ya kudepoti ya chimanga, yopachika pamtengo. Iyi inali chitsulo chachikulu choyalidwa pansi, ndi kanyumba pambali. Lameki anakwezapo lole mosatekeseka, popeza ku Kitwe anamuyeza ndipo pepala linali m'thumba. Bwana wa sikelo, bambo wamfupi wa magalasi, anayang'ana makina ake, anayang'ana pepala, anayang'ananso makina.

“Ba draiva, bwelani. Katundu wanu wabala panjira?”

Anamasula zingwe a Chilufya. Tenti itakwezedwa, choyamba kuoneka chinali mtondo wanga, utakhala bwinobwino pakati pa chuma cha Amereka ndi Japani, kumbuyo kwake pulawo, makasu ndi matumba khumi ndi anayi, lililonse lolembedwa dzina la mwini wake ndi makala. Madalaivala ena amene ankadikira anaseka mpaka wina anakhala pansi. Lameki sanaseke. Anandiyang'ana, ndipo anandilankhula motsitsa kwambiri, zimene zinandipweteka kuposa akanakuwa.

“Amama, mwanipaya.”

“Koma malo yanalipo, mwanangu. Ninaona na maso yanga.”

“Malo! Kadiramu kamozi aka, amuna anayi sanganyamule. Lole inali yozula kudala, amama. Yodzaza!”

A Chilufya anandikokera pambali n'kundifotokozera. Bwanayo akalemba pepala la mlandu, lole igwidwa mpaka kampani itumize munthu kuchokera ku Lusaka. Zikatero sitima yapita, ndipo bwana wa Lameki adziwa kuti ananyamula katundu wa kumudzi pamwamba pa katundu wa ogula akunja, amene amafuna kumva chifukwa cha ola lililonse lochedwa. Ndinaganiza za zaka ziwiri zija, mwana wanga atakhala pakhonde osayang'ana munthu kumaso. Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire.

Ndinalowa m'kanyumbako ndekha. Bwanayo anali atatulutsa kale buku lake. Ndinagwada pasimenti, ine mayi wa imvi, pamaso pa munthu wa msinkhu wa mwana wanga.

“Nyamukani, amai, musanichite so.”

“Sininyamuka. Mulandu ni wanga. Uyu mwana ananiuza thumba limozi, ine ninaika vonse eve kulibe. Ngati mulemba, lembani zina langa.”

“Muli chani m'matumba?”

“Mbeu. Ya ku Mozambique, kwa mwana wanga. Kulibe chobyala kuja.”

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenako anati amayi ake nawonso ndi otero, anakwezapo mbuzi mu ambulansi. Anati sikelo sidziwa mbewu, imadziwa kulemera basi, ndipo iye sangalembe nambala yabodza. Koma cholembera chinali chisanakhudze pepala, ndiye titsitse zathuzo, ayezenso, ndipo chimene makina anene ndicho alembe.

Madalaivala omwe ankaseka aja ndi amene anatithandiza kutsitsa. Lameki anakwezanso lole pachitsulo. Bwanayo anasuzumira pawindo n'kupukusa mutu, yapitirirabe pang'ono. Tinatsitsa thumba lija lololedwa, nsomba, chigubu changa cha madzi. Anapukusabe mutu, koma tsopano akumwetulira. Thanki inali itangodzazidwa pa Katete, ndipo kampani inali itapakira mpaka pamzere penipeni, osasiya malo ngakhale a nkhuku.

“Amai,” anatero, “mukali mukati imwe.”

Ndinatsika ndi tambala wanga. Makina anavomera.

Apa ndiye panavuta. Bwanayo anatichenjeza kuti kutsidya kulinso sikelo zina, ndipo a kumeneko sadziwa amayi a munthu. Lameki anayang'ana mulu wa matumba, anayang'ana ine, nati sangasiye amake pamsewu ngati katundu wotayika, bola ntchitoyo ithe. Ndinaona kuti akunena zoona, ndipo ndinapsa mtima.

“Iwe Lameki, nakubala ine kapena unanibala ndiwe? Kwera. Ninafika ku Kanakantapa kuli thengo, na iwe kumusana, nizalephera pano pali na anthu? Ukaphonya sitima ija usabwere pakhomo panga.”

Anakwera akupukuta m'maso ndi chipewa. A Chilufya anandisiyira buledi ndi shuga wawo, nati, “Mayo, muli bakali.” Ndinaimirira mpaka tenti yobiriwira inalowa pachipata. Itasowa m'pamene ndinakhala pa mtondo n'kulira bwinobwino, poti panalibenso woti ndimulimbitse mtima.

Ndinakhala pamenepo masiku awiri. Amayi ogulitsa mazira ndi chimanga chootcha ananditenga ngati wawo, ndipo matumba tinawaunjika kuseri kwa kauntala ya mmodzi wa iwo, amake Fatuma. Malole ankadutsa ambiri, koma tsopano ndinali nditachenjera. Ndikaona ya tenti yophwa sindinkathamangira, ndinkayamba ndafunsa kuti mwanyamula chiyani. Ambiri anali a kopa, zitsulo zofiira zosafika ngakhale m'chiuno, ndipo ndinkawauza ndekha kuti pitani, mwadzaza. Mmodzi anandiyang'ana modabwa n'kufunsa ngati ndinagwirapo ntchito kumigodi.

Tambala sanaone Mozambique. Tsiku lachiwiri tinamudya ndi amayi aja, chifukwa sukhala pamoto wa anthu masiku awiri manja ali m'thumba.

Lachinayi kunabwera lole yopanda kanthu zenizeni, yopita ku Tete kukatenga simenti. Woyendetsa wake, bambo wa ku Chipata, anali atamva kale mbiri yanga kwa anzake pa Katete, ndipo anati sangaphonye mwayi wonyamula mayi wa mtondo. Pachipata ogwira ntchito pamalire anabaya matumba ndi chitsulo, anandiyendetsa mawindo atatu chifukwa cha mapepala a mbewu, ndipo dzuwa linapendeka ndisanamalize. Kutsidya msewu unali wokumbikakumbika, nyumba zambiri zopanda madenga. Dalaivala anandiletsa kupatukira kutchire ngakhale pofuna kudzithandiza, poti mabomba okwirira anali asanawachotse onse.

Esinati ndinamupeza akuchokera kumadzi, mwana ali kumsana. Za kulira ndi kuvina sindinena, aliyense amazidziwa. Mawa lake apongozi anga, abale ake a Zuze, anaitana mudzi wonse, ndipo mbewu ija inagawidwa ndi mbale, khomo ndi khomo. Gogo wina anatenga mapira a ku Chadiza aja m'manja, anawanunkhiza, nati mtundu umenewu anauona komaliza nkhondo isanayambe. Lamlungu mvula yoyamba inagwa.

Koma mtima wanga sunali pamenepo. Lachisanu linali litadutsa, ndipo panalibe njira yodziwira ngati Lameki anaipeza sitima. Ndinali nditamudyera theka la tsiku pasikelo paja, ndipo kutsogolo kunali mlatho wa Zambezi ndi mizere yake. Tsiku lililonse ndikamaliza kuthandiza kubzala ndinkapita kukakhala pamsewu ndi mdzukulu wanga, kuyang'ana kumwera. Esinati ankati ndidzachititsa khanda chimfine ndi fumbi la malole.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinamva hutala kutali, katatu. Lole inaima, ndipo Lameki anatsika pang'onopang'ono, nkhope ili gwa, mwana woipa. Anandipatsa moni wonse mwaulemu, anafunsa za mlongo wake, ananyamula khanda n'kuliyang'ana mphuno. Ine ndinamukoka malaya.

“Kamba, iwe!”

A Chilufya ndi amene analephera kupirira. Anasuzumira pawindo akuseka. “Tinafika Chisanu kuseni, kutangocha, mayo, sitima ikali kupakira katundu. Bwana anakamba pa foni kuti katundu wina ulindira ku Kitwe. Nchito ni yake!”

Ndinamumenya Lameki paphewa ndi chitenje, kenako ndinamukumbatira, ndipo ndinamva kuti akuseka, kuseka kuja kumene ndinali ndisanakumve zaka ziwiri.

Ponyamuka apongozi anabwera ndi zawo, poti mlendo sabwerera chimanjamanja ngakhale kwa osauka. Anabweretsa malambe thumba lathunthu, masawu ouma, mphasa ziwiri ndi kambuzi kamene sindikudziwa anakapeza kuti. Ine ndinaimirira kutsogolo kwa lole manja ali m'chiuno n'kukana zonse. Ndinawauza kuti galimoto izi sizili monga mmene zionekera, kuti pali sikelo, pali sitima, pali Amereka. Ndinalankhula ngati a Chilufya, ndipo anthu anandimvera mwaulemu ali ndi chisoni.

Lameki anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anamasula chingwe n'kukweza tenti. Munalibe kalikonse, ngakhale kadiramu kamodzi. Feteleza amene ankayenera kubwera naye anali asanafike padoko, ndipo bwana anamuuza kuti asadikire.

“Amama,” anatero, “lelo malo yalipo.”

Ananyamula kambuzi kaja yekha n'kukakweza.